Pamene amphawi anabzala nyemba, lero pakuseweredwa gofu

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, ku England, pa kaphiri kotchedwa St George's Hill, pafupi ndi tauni ya Weybridge, makilomita ngati 30 kuchokera mumzinda wa London. Pakaphiripo pali bwalo la gofu limene odziwa masewerawa amalitama kwambiri. Gofu ndi masewera omenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kakalowe m'kadzenje, ndipo wopambana ndi amene wamaliza maenje onse atamenya kochepa. Mwina mukufunsa kuti za gofu zikutikhudza bwanji ife olima chimanga ndi kachewere. Lezani mtima, timvere limodzi.

Mlendo wofuna kukasewera kumeneko sangodzuka n'kupita monga timachitira ku bwalo la mpira. Bwaloli ndi la kalabu, eni ake ndi mamembala. Mlendo amayamba wapempha, amapatsidwa tsiku la mkati mwa sabata, ndipo kuti asewere tsiku limodzi amalipira mapaundi mazana. Jinzi saloledwa, malaya akhale a kolala. Asanafike n'komwe pabwalo amakumana ndi alonda pachipata, chifukwa kaphiri konseko ndi mudzi wa anthu olemera okhaokha, wa nyumba zoposa 400. M'zaka za m'ma 1960 John Lennon ndi Ringo Starr, oimba a gulu la Beatles, anali ndi nyumba m'mudzimo.

Akalowa, maso amakhuta. Pali mitengo ya paini italiitali, kapinga wometedwa bwino, maenje a mchenga, ndi kachitsamba kafupi kotchedwa heather kamene kamachita maluwa ofiirira mu Ogasiti ndi Seputembala. Bwaloli lili ndi maenje 27. Analikonza ndi katswiri Harry Colt, ndipo linatsegulidwa mu 1913, patapita zaka ziwiri mmisiri womanga nyumba W. G. Tarrant atagula malowo, mahekitala pafupifupi 390.

Malo a mtundu umenewu Angerezi amawatchula kuti heath. Nthaka yake ndi ya mchenga, yosabereka, tirigu sachitapo bwino. Koma mvula ikagwa madzi amalowa pansi msanga, matope osachita, choncho gofu amaseweredwa ngakhale nyengo yachisanu. Njanji itafupikitsa ulendo wochoka ku London, anthu achuma anathamangira malo otere. Bwalo la Woking linayamba mu 1893, la Sunningdale mu 1901, la Walton Heath mu 1904, la Swinley Forest mu 1909.

Tsono funso ndi ili: asanabwere a gofu, malo amenewa anali opanda ntchito? Ayi. Anali malo a mudzi wonse. Osauka ankadyetsako ng'ombe ndi nkhosa, ankadulako zitsamba zosonkhera moto, zofolerera nyumba ndi zopangira matsache, ena ankaikako ming'oma ya njuchi. Banja lopanda munda waukulu linkapulumukira kumeneko. Komabe m'mabuku a malamulo malowa ankalembedwa ndi liwu lakuti waste, ngati kunena kuti tchire longokhala.

Chodabwitsa n'chakuti kukongola kumene mlendo amalipirira lero kunapangidwa ndi anthu omwewo. Heather amafuna dzuwa. Ziweto zikasiya kudya ndipo anthu akasiya kudula, mitengo imamera n'kumuphimba, iye n'kufa. Ndiye lero makalabu amalemba antchito ndi kugula makina odulira mitengo kuti heather asathe, ntchito imene kale ng'ombe za amphawi zinkagwira popanda malipiro. Mawerengero a ku England amati mwa malo otere amene analipo mu 1800, latsala gawo limodzi lokha mwa magawo 6.

Kaphiri ka St George's Hill kali ndi mbiri ina imene mlendo sangaidziwe pongoona kapinga. Mu 1649 dziko la England linali litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni. Mfumu Charles Woyamba anali atadulidwa mutu mu Januwale chaka chomwecho, zokolola zinali zitavuta zaka zotsatizana, chakudya chitakwera mtengo. Pa 1 Epulo kagulu ka anthu osauka, kotsogozedwa ndi Gerrard Winstanley ndi William Everard, kanakwera kaphiriko n'kuyamba kukumba ndi kubzala nyemba, karoti ndi mbewu zina. Anthu anawapatsa dzina lakuti Diggers, kutanthauza okumba. Iwo ankakhulupirira kuti nthaka inalengedwera anthu onse, ndipo wanjala ali ndi ufulu wolima pamalo a mudzi. Sananyamule zida. Mkulu wa asilikali, Thomas Fairfax, anakawaona ndipo sanawapeze ndi choopsa.

Eni malo a m'deralo ndiwo sanagone tulo. Anatuma anthu kukawamenya, kuwononga mbewu ndi kugwetsa zisakasa zawo, kenaka anawatengera kukhoti. Pofika Ogasiti okumba aja anasamukira ku Little Heath, pafupi ndi Cobham. Mu Epulo 1650 anathamangitsidwanso kumeneko, nyumba zawo zitatenthedwa. Zonse zinatha m'chaka chimodzi. Mu 1999, pokumbukira zaka 350, anthu omenyera ufulu wa malo anakamanga misasa pakaphiripo kwa masiku ochepa. Mwala wachikumbutso cha okumba aja unaimikidwa pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Weybridge, kunja kwa mudzi wa olemera uja.

Zimene ndodo ndi moto zinayamba, mapepala anamaliza. Pakati pa 1604 ndi 1914 nyumba ya malamulo ya ku England inavomereza malamulo oposa 5,200 otchinga malo amene anthu ankagwiritsa ntchito pamodzi, mahekitala pafupifupi 2.8 miliyoni. Wosauka amene analibe umboni wa ufulu wake wodyetsa ziweto ankatsala manja lende, n'kupita kukasaka ganyu m'tauni.

Tinene chilungamo, gofu payekha alibe mlandu. A gofu anapeza malo ambiri atalandidwa kale. Ndiponso pakanapanda mabwalo amenewa, mwina heather wambiri akanakwiririka ndi nyumba ndi misewu. Palinso chitsanzo cha Walton Heath, bwalo lotchuka limene linachititsa mpikisano wa Ryder Cup mu 1981. Ilo lili pamalo amene adakali a onse, ndipo oyenda pansi ndi okwera mahatchi amadutsa m'njira zawo pamene ena akusewera. Mabwalo awiriwa ali m'chigawo chimodzi cha Surrey, pa nthaka yofanana. Kwina ufulu wa anthu wamba unasungidwa m'malamulo, kwina unatayika, ndiye lero kwina kuli njira, kwina kuli mlonda. Mu 1965 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti malo onse a mudzi alembetsedwe, ndipo amene sanalembetsedwe pofika 1970 anasiya kuwerengedwa ngati a onse.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munda wa chimanga uli ndi mwini wodziwika, munthu akaukhudza phokoso limamveka mudzi wonse. Nanga dambo lodyetsako ng'ombe? Nanga thengo lotolako nkhuni, bowa ndi mankhwala, kapena phiri lomwetako udzu? Mlendo wobwera pa galimoto ndi mapu m'manja amayang'ana malo otere n'kunena kuti palibe akuwagwiritsa ntchito. Ndi mawu omwe aja a m'mabuku a ku England. Malo a tonse ndi amene amayamba kupita, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye alankhula.

Ife tili ndi chida chimene Winstanley ndi anzake analibe. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Lamulo la malo la mu 1997 linavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu, uja timati DUAT, pamalo amene wakhala ukugwiritsa ntchito mwa mwambo, kuphatikizapo odyetsako ziweto, nkhalango ndi madzi. Linavomereza umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi, ndipo linalamula kuti wofuna malo ayambe wafunsa anthu a pamalopo. Mu 2020 boma linayamba ntchito younikanso lamuloli, ndipo mu 2022 linavomereza ndondomeko yatsopano ya malo, choncho makutu athu akhale tcheru.

Maganizo anga ndi awa. Mafumu ndi anyakwawa, musadikire mlendo kuti abwere. Itanani anthu anu, yendani malire pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo pemphani a boma adzalembe malirewo ndi kukupatsani chikalata. Polemba, dambo litchulidwe dzina, njira ya ng'ombe yopita kumtsinje itchulidwe, manda atchulidwe. Tsiku la msonkhano wofunsa maganizo likafika, pitani ambiri, amayi otola nkhuni ndi abusa a ng'ombe asatsale, pakuti ndiwo akudziwa ntchito ya malowo. Zolembedwa pamsonkhano ziwerengedwe m'Chichewa munthu asanasaine kapena kudinda chala, ndipo pepala limodzi litsale m'mudzi.

Wobwera ndi chitukuko timulandire, koma tigwirizane naye poyera kuti ng'ombe zidzadutsa pati ndipo nkhuni tidzatola kuti. Madzi akatayika saoleka. Anthu a ku Surrey anataya malo awo odyetsako ziweto pang'onopang'ono, pepala ndi pepala, ndipo lero wofuna kuponda pa St George's Hill amayamba wapempha kwa mlonda. Tiyeni ife tilembetse madambo athu ng'ombe zidakali momwemo.