Denga likayamba kudontha pamwamba pa nyanja youndana

Mwezi wa Januwale, ife tili kalikiliki kupalira chimanga, nyanja za ku Minnesota, kumpoto kwa dziko la United States, zimakhala zitaundana gwaa. Anthu amayendetsa magalimoto pamwamba pa nyanja za Mille Lacs ndi Lake of the Woods, ndipo pa ayisi pomwepo pamamera timidzi ta tinyumba ta asodzi, tina tamatabwa tokokedwa ndi galimoto, tina matenti a nsalu opinda. Nthambi ya boma yoona zachilengedwe kumeneko, DNR, imalangiza kuti munthu asaponde ayisi watsopano asanakhuthale masentimita 10, ndipo galimoto imafuna wokhuthala kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Msodzi amaboola dzenje loti mungalowetsemo mkono, n'kukhala pampando, n'kuponya mbedza m'madzi akuda bii omwe diso silingaone kanthu.

Chimene chinasintha usodzi umenewu ndi sonar. Kale munthu ankakhala pa dzenje limodzi tsiku lonse, kudikira mwayi. Dave Genz, msodzi wa ku Minnesota komweko, anatchuka polimbikitsa njira ina: kanyumba kopepuka kokoka ndi manja, makina a sonar pambali, ndipo pakapanda nsomba n'kusamuka kukaboola pena. Makina omwe asodzi a pa ayisi anazolowera amawatcha flasher, ndipo kampani ya Vexilar ndi imodzi mwa zodziwika powapanga. Kachipangizo kena kamalendewera m'dzenje, pansi pang'ono pa ayisi, n'kumatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu. M'madzi ozizira chotero phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,400 pa sekondi. Likagunda chinthu limabwerera, ndipo makinawo amawerengera nthawi imene latenga n'kuonetsa kuya kwa chinthucho pa nkhope yozungulira yowala mitundu itatu. Phokoso likabwerera mwamphamvu pamaoneka mzere wofiira, likabwerera mofooka wobiriwira, ndipo pakati pake pali wachikasu wopita kofiira. Pansi pa nyanja pamaoneka mzere wofiira wokhuthala. Nyambo, ngakhale yaing'ono ngati njere ya mpunga, imaoneka kamzere kopyapyala kamene kamakwera ndi kutsika msodzi akamagwedeza ndodo. Nsomba imaoneka bwino chifukwa cha kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwake, poti mpweya umabweza phokoso kwambiri kuposa mnofu.

Luso lili pa kuwerenga mizereyo. Phokoso limatsika likutambasuka, moti kachipangizo kotambasula phokoso madigiri 20 kamaona bwalo lotambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi: pa mamita 9, bwalolo ndi la mamita atatu. Nsomba ya walleye ikakhala m'mphepete mwa bwalo imayamba yobiriwira, ikamasendera pansi pa dzenje imafiira. Msodzi wodziwa akaona mzere ukufiira pafupi ndi nyambo, amakweza nyamboyo pang'onopang'ono kuti nsomba iitsate, chifukwa nsomba yotsata nyambo yothawa ndi imene imaluma. Amachepetsanso mphamvu ya makina mpaka nyambo izingooneka pang'ono, apo ayi nkhope yonse imadzaza mizere yopanda tanthauzo. Kachipangizo kakapendekeka, nyambo imasowa. Mnzake akayatsa makina ake pafupi, maphokoso amalowererana ndipo pamabwera timizere tozungulira tonama. Batire nalo limafooka msanga m'chisanu.

Kuyambira 2018, pamene kampani ya Garmin inatulutsa makina a LiveScope, msodzi amatha kuona nsomba zikusambira chapatali ndi dzenje ngati pa kanema, ndipo pali mkangano ngati zimenezi sizikutha nsomba. Ine nkhawa yanga ili pa nsomba za m'madzi akuya monga crappie. Ikakokedwa mofulumira kuchokera pansi kwambiri, kathumba kake ka mpweya kamafufuma, ndipo nthawi zambiri imafa ngakhale aibweze m'madzi. Amene wapeza gulu la nsomba pa malo akuya agwire zodya basi n'kuchokapo.

Koma chimene chandilembetsa lero chili pamwamba pa mutu wa msodziyo. Maso ake ali pa mizere yofiira ija kwa maola ambiri, ndipo kuti zala zisaume wayatsa hita ya gasi ya propane n'kutseka zipi yonse ya tenti. Posakhalitsa denga limayamba kuchita thukuta. Madontho amagwera pakhosi, pa chakudya, pa nkhope ya makina. M'mbali mwa pansi, kumene kutentha sikufika, chinyonthocho chimaundana n'kuyera mbee, zipi n'kukana kutseguka. Amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi wa Juni ku Dedza akudziwa za madontho a m'bandakucha ngakhale kunja kulibe mvula.

Ambiri amaganiza kuti tenti yabooka, pamene madziwo akupangidwa m'kati momwemo. Gasi ya propane ikamayaka, hydrogen yake imaphatikana ndi oxygen wa mumpweya n'kupanga nthunzi ya madzi. Kilogalamu imodzi ya gasi imabala madzi pafupifupi makilogalamu 1.6, oposa kulemera kwa gasi yomweyo. Kabotolo kakang'ono ka gasi kamene asodzi amanyamula, kosakwana theka la kilogalamu, kamatha m'maola ochepa ndipo kamasiya madzi okwana pafupifupi magawo atatu mwa anayi a lita. Tsono mpweya uli ndi malire a madzi omwe ungasunge. Pa madigiri 20, kiyubiki mita imodzi imasunga magalamu pafupifupi 17, pa madigiri 0 magalamu asanu okha. Kanyumba ka mamita awiri mbali zonse, ngakhale katafunda bwino, sikangasunge magalamu oposa 140. Kabotolo kamodzi kamatulutsa kasanu kuposa pamenepo. Onjezerani mpweya wopuma anthu, chipale chosungunuka pa nsapato, zovala zonyowa, ndi ketulo ya khofi. Madzi otsalawo amakakhala pa chinthu chozizira kwambiri, chomwe ndi nsalu yopyapyala imene kunja kwake kuli madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro.

Mankhwala ake amamveka ngati kudzizunza: kutsegula kuti mphepo yozizira ilowe. Komatu mpweya wa madigiri 20 pansi pa ziro ndi wouma kwambiri, umasunga pafupifupi galamu imodzi yokha ya madzi pa kiyubiki mita. Ukalowa n'kufunda, umayamba kuyamwa chinyontho. Pamafunika mipata iwiri, wina m'munsi polowera mpweya watsopano, wina m'mwamba potulukira wofunda wonyowa. Mpata umodzi wokha suyendetsa mpweya mokwanira. Kafani ka batire kopachika kudenga kamakankhira kutentha pansi, mapazi n'kufunda, hita n'kuyaka mochepa, madzi opangidwa n'kuchepanso. Matenti a nsalu yokhuthala yosokedwa magawo angapo amadontha pang'ono chifukwa mbali yake ya m'kati siizizira kwambiri, koma nthunzi ija imakhalabe momwemo ndipo iyenera kutuluka. Nyumba zikuluzikulu zokokedwa ndi galimoto zimakhala ndi ng'anjo yotulutsira utsi wake kunja, n'chifukwa chake zimakhala zoumirapo. Pobwerera kunyumba tenti iyenera kutambasulidwa pamalo ofunda mpaka iume, apo ayi imachita chuku.

Ndimaona kuti asodzi ambiri amatenga madonthowa ngati chosowetsa mtendere chabe, chofuna kansalu kopukutira. Ine ndimawatenga ngati uthenga. Denga likamadontha kwambiri ndiye kuti zimene moto ukutulutsa sizikupita kunja, ndipo moto sutulutsa madzi okha. Oxygen akamachepa, kapena hita ikakhala yakuda m'kati, gasi siyaka mokwanira ndipo imabala carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Umakakamira m'magazi kuposa oxygen maulendo opitirira 200. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo amangoti ndatopa ndi chisanu. Ogona usiku pa nyanja ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa wogona samva mutu. Anthu amwalira m'tinyumba totere ku Minnesota ndi ku Canada, ndipo akuluakulu a zaumoyo kumeneko amachenjeza za ngoziyi chaka ndi chaka.

Mahita ambiri onyamula m'manja ali ndi kachipangizo kozimitsa moto oxygen akachepa. N'kothandiza, koma sikayeza carbon monoxide, ndipo munthu asakadalire ngati mlonda wokwanira. Lawi loyaka bwino limakhala la buluu; likayamba chikasu ndi mwaye, chinachake chalakwika. Ndiponso kanyumba kouma si umboni woti mpweya uli bwino, poti nsalu yokhuthala imabisa chinyontho, ndipo ng'anjo yotulutsira kunja imabweza utsi m'kati chipale chikatseka potulukira pake. Chotsimikiza ndi alamu ya carbon monoxide yoyendera batire. Mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa sonar, ndipo zimandipweteka mtima kuti munthu angawononge ndalama zambiri pa makina oonera nsomba n'kusiya kachipangizo aka m'sitolo, pamene m'tentimo wabweretsa ndi ana ake.

Kwathu kuno nyanja siiundana, koma mpweya wa carbon monoxide timaudziwa ndi maliro ake. Miyezi ya Juni ndi Julayi anthu amalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mazenera, ena mpaka kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Alonda amachita zomwezo m'tinyumba tawo ta pageti, ndipo abale athu a ku Johannesburg amakumana nazo m'zipinda zawo zopanikizana nyengo yachisanu. Apa pali kusiyana kumene kumandiopsa. Makala anapsa kale pa uvuni, hydrogen yambiri inachoka, chotsala kwakukulu ndi carbon. Choncho mbaula imatulutsa nthunzi ya madzi yochepa ndi carbon monoxide wambiri. Msodzi wa ku Mille Lacs amachenjezedwako ndi dontho logwera pakhosi, pamene wootha mbaula m'chipinda alibe chomuchenjeza. Makala ofiira psuu, opanda utsi, amene timati apsa bwino tingalowe nawo m'nyumba, amatulutsabe mpweya wakuphawo mpaka atasanduka phulusa.

Mbaula ikhale pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo nthawi yogona isanakwane itulutsidwe kunja, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi akayamba kudandaula mutu nthawi imodzi, kapena mwana akayamba kusanza ndi kufooka pafupi ndi moto, tsegulani zonse, tulutsani aliyense panja, ndipo thamangirani nawo kuchipatala n'kukanena kuti munali mbaula, kuti akawapatse oxygen msanga.