Majumbo adzatha tsiku lomwe wogula adzawakane

Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, aja osakwana ma micron 60, mu 2015. Makampani opanga majumbo adathamangira kukhoti kukatenga chiletso, ndipo mu 2019 khoti la Supreme lidagamula kuti lamulolo lipitirire. Koma talowani mumsika wa Limbe kapena wa Zomba muone. Tomato, usipa, ngakhale chipisi chotentha, zonse zikulowabe m'jumbo, ndipo ikangogwa mvula yoyamba, majumbo omwewo ndiwo amatseka ngalande madzi n'kusefukira m'nyumba za anthu.

Ine sindiloza chala mayi wogulitsa tomato. Akanena kuti jumbo palibe, kasitomala amangosuntha mapazi awiri n'kukagula pa benchi ya mnzake. Wamalonda amatsata wogula, ndipo wogula wa kuno amayamba wafunsa m'thumba mwake asanaganize za mtsinje wa Mudi.

Izi sizikutanthauza kuti katundu wosamala chilengedwe sangayende malonda kwathu kuno. Taonani koloboyi. Palibe adamuletsa ndi lamulo. Adazimiririka yekha anthu ataona kuti tochi ndi nyale ya sola zikuwapulumutsa ku mtengo wa palafini, ndipo lero pa sitolo zambiri za kumudzi mupeza timagetsi ta sola pomwe kale padali chigubu cha palafini. Chimodzimodzi mbaula ya Chitetezo, ija youmba ndi dothi. Mayi amaigula chifukwa mtolo wa nkhuni ukukhalitsa, ulendo wa kuphiri wachepa. Kuti mitengo ikupulumuka, imeneyo imabwera pambuyo, koma magulu a amayi oumba mbaulazi apezapo ndalama.

Jumbo ndiye yavuta chifukwa imaoneka ngati yaulere. Mtengo wake timalipira mochedwa, mbuzi ikafa itameza pulasitiki, kapena khonsolo ikamalemba anthu ofukula ngalande ndi ndalama za msonkho wathu.

Amene akundimvetsa chisoni ndi oluka madengu ndi zikwama za mlaza. Katundu wawo amakhala zaka, koma ife tidamusiyira alendo odzaona nyanja, ngati kuti kunyamula dengu m'tauni n'chimidzi. Eni magolosale, yesani izi mwezi umodzi wokha: wobwera ndi chikwama chake mumuchotsereko kangachepe pa mtengo, wofuna jumbo alipire. Mudzaone ngati woluka wa ku Mangochi sayamba kulandira maoda ochokera ku Blantyre.