Dzina lolembedwa pamphuno pa galimoto si umboni

Usiku wa pa 17 August 2019, mumzinda wa Monterey ku California m'dziko la America, anthu olemera anadzaza holo kumene kampani ya RM Sotheby's inali kucititsa okushoni. Anabwera kudzaona kagalimoto ka mpikisano kakale ka ku Germany kochedwa Type 64, kamene ogulitsa anali kuyembekezera kuti kagulidwa pa madola pafupi-fupi 20 miliyoni. Alimi a fodya akudziwa mmene okushoni imayendera: woitanira malonda amachula mtengo, ogula amapikisana, ndipo wopereka zambiri ndiye amatenga katundu.

Woitanira malondayo, mzungu wa ku Netherlands, anayamba ndi madola 13 miliyoni. Koma m'Cizungu mau akuti "thirteen" ndi "thirty" amamveka mofanana, ndipo amene anali kulemba mitengo pa cikwangwani cacikulu ca magetsi analemba 30 miliyoni. Iye atati 14, cikwangwani cinati 40, ndipo zinapitirira conco kufikira 70 miliyoni. Holo yonse inaphokosera, cifukwa kufikira nthawi imeneyo galimoto yodula koposa pa okushoni inali Ferrari 250 GTO imene inagulidwa madola 48.4 miliyoni m'caka ca 2018. Woitanira malonda ataona cikwangwani anakonza kuti mtengo uli pa 17 miliyoni. Anthu anang'ung'udza, ena anatuluka, ndipo palibe amene anaonjezerapo. Ndalamazo sizinafike pa mtengo umene mwini wake anaikiratu, motero galimotoyo siinagulidwe.

Manyuzipepala ambiri anaseka za kusamvana kwa manambala. Ife tiona kuti nkhani yeni-yeni ili pena. Tsiku la okushoni lisanafike, akatswiri ndi anthu osonkhanitsa magalimoto akale anali atayamba kale kufunsa funso limodzi: kodi iyi ndi Porsche yoyamba monga mmene inali kuchukira, kapena ndi Volkswagen imene inavekedwa dzina pambuyo pake?

Mbiri yake ndi iyi. Ferdinand Porsche ndiye katswiri amene boma la Hitler linapatsa nchito yokonza galimoto ya anthu wamba, imene tsopano tiidziwa ndi dzina lakuti Volkswagen. M'caka ca 1939 panakonzedwa mpikisano wocokera ku Berlin kukafika ku Rome, woti uonetse ubwenzi wa Germany ndi Italy ya Mussolini. Kaamba ka mpikisanowo, Porsche anakonza Type 64, ya thupi lopepuka la aluminiyamu, koma injini ndi ziwiya zambiri zinali za Volkswagen. Nkhondo inayamba pa 1 September caka comweco ndipo mpikisano sunacitike. Magalimoto a mtundu umenewu anapangidwa atatu cabe. Yoyamba inacita ngozi. Yaciwiri inaonongedwa ndi asilikali a America nkhondo itatha. Yacitatu, imene inabwera ku Monterey, inamangidwa mu 1940 pa chasisi ya yoyamba ija. Pamene inatuluka m'nyumba yopangiramo inalibe dzina la Porsche. Zilembo za dzinalo anaziika pamphuno pake ndi mwana wake, Ferry Porsche, nkhondo itatha. Kampani ya Porsche yeni-yeniyo imawerenga zaka za magalimoto ake kuyambira pa 8 June 1948, tsiku limene galimoto yochedwa 356 Nambala 1 inalembetsedwa ku Austria, ndipo n'cifukwa cake inakondwerera zaka 70 mu 2018.

Tisanamizire munthu. Galimotoyo sinali yabodza, ndiponso mapepala ake anali abwino. Banja la Porsche linaigwiritsa nchito, kenaka mu 1949 inagulidwa ndi Otto Mathé, woyendetsa magalimoto a mpikisano wa ku Austria, amene anaisunga zaka 46 kufikira imfa yake mu 1995. Ndi magalimoto ocepa akale amene eni ake amadziwika bwino motere. Cimene okayika anali kutsutsa ndi liu limodzi lokha, lakuti "yoyamba". Koma pa liu limenelo ndi pamene panagona ndalama. Citsulo ndi aluminiyamu wa kagalimotoko, mutapita nazo kwa ogula zitsulo zakutha, simungagule nazo ngakhale ng'ombe ziwiri za pagoli. Amene apereka mamiliyoni akugula mbiri, ndipo ngati katundu ndi mbiri, wofunsa za mbiriyo akungocita zimene mlimi amacita potsegula ng'ombe pakamwa kuti aone mano. Ife tikuima ndi ofunsawo. Tionjezere kuti mbiri siisankhidwa monga tomato pamsika: wofuna ulemu wa dzina la Porsche alandirenso zoti galimotoyo inabadwira kutamanda maboma awiri ankhanza amene anaphetsa anthu miyanda-miyanda.

Wina angaganize kuti tikunena kuti cinthu cikasinthidwa ziwiya ndiye kuti catha kukhala ceni-ceni. Iyayi. Mu 1990 khoti lalikulu la ku London linaweruza mlandu wa galimoto ya Bentley yochedwa Old Number One, imene inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France mu 1929 ndi 1930. Galimotoyo inamangidwanso kangapo, ndipo mu 1932 inacita ngozi yoopsa pa bwalo la Brooklands, woyendetsa wake n'kufa. Ed Hubbard anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge kuti aigulitse pa mapaundi 10 miliyoni, koma ogulawo anabwerera m'mbuyo ponena kuti zotsala za galimoto ya 1929 zinali zocepa. Woweruza Otton anagamula mokomera wogulitsa. Cifukwa cake cinali cakuti mbiri ya galimotoyo inali yosaduka: kusintha kulikonse kunali kodziwika, ndipo panalibe galimoto ina imene ikanayenera dzinalo. Khasu la agogo likhoza kusinthidwa mpini katatu ndipo palibe wodandaula, malinga pabanja pali odziwa amene anasintha ndi caka cimene anasinthira. Coipa ndi kubisa.

Nkhani ya anthu a mamiliyoni taiika pa tsamba la alimi cifukwa funso lao ndi lomwe timakumana nalo tikagulitsa cimanga, thonje kapena fodya. Ndalama zikalowa m'thumba, ogulitsa magalimoto, njinga zamoto, zigayo ndi mathirakitala ogwirapo kale nchito amatipeza okha. Aliyense ali ndi nkhani yokoma. Iyi inali ya abambo a ku mishoni, sinayendepo pa mseu wa fumbi. Iyi yangofika kumene kucokera ku Japan. Iyi inali ya mai wina wokalamba amene anali kupita nayo ku chalichi cabe. Mwina ndi zoona, koma mau amenewo amakweza mtengo monga mmene liu lija linacitira ku Monterey, ndipo wogula ali ndi ufulu wonse wofunsa umboni. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemera wa ku America akanyengedwa amataya gawo la cuma cake, pamene mlimi amataya thukuta la caka conse, ndalama za feteleza ndi za sukulu za ana, ndipo galimoto ikapezeka kuti ndi yakuba amagona m'citokosi.

Ife amene timathandiza nchito za parishi tinazolowera zimenezi. Mnyamata akabwera kudzalembetsa ukwati nati anabatizidwa ku parishi yakuti-yakuti, sitimuyesa wabodza, koma sitimangokhulupirira kakhadi kong'ambika ka m'thumba. Timalembera ku parishi imene anabatizidwira kuti aone m'buku la ubatizo, pamene dzina lake, makolo ake ndi tsiku zinalembedwa ndi munthu amene analibe phindu lililonse pa ukwati wa lero. Ngakhale zotsalira za anthu oyera Mpingo sulola kuti zilemekezedwe poyera popanda kalata yotsimikizira, ndipo kuzigulitsa n'koletsedwa. Ngati Mpingo, umene moyo wake wonse ndi cikhulupiriro, umafuna mapepala pa zinthu zotere, n'cifukwa ciyani mkhristu acite manyazi kufunsa mapepala a galimoto? Ena amatikumbutsa za Tomasi Woyera ngati kuti kufunsa ndi chimo. Tomasi anakayika Ambuye wake, ndipo ngakhale iye anaonetsedwa mabala. Wogulitsa cigayo pa sitesheni ya basi si Ambuye.

Vuto lathu lalikulu ndi ulemu wolakwika. Timaopa kuti tikapempha buku loyera la galimoto, wogulitsa aganiza kuti tikumuyesa mbala, makamaka ngati ndi wacibale kapena mnzathu wa mu mphakati. Conco timalipira kaye, mapepala adzabwera mawa, ndipo mawalo silifika. Tikupempha awerengi kuti asanapereke ngwee iliyonse aone buku loyeralo ndi maso ao, ayerekeze dzina la mwini ndi citupa ca wogulitsa, ndipo agwade pansi kuwerenga nambala ya chasisi ndi ya injini pa citsulo peni-peni. Ngati injini inasinthidwa, afunse kuti inacokera kuti ndipo kalata yake ili kuti. Kusintha umwini kucitike ku ofesi ya RTSA, osati pansi pa mtengo wa mango. Pa ng'ombe, afunse kalata ya a mfumu a kumene yacokera, cilolezo ca a zoweta ndi ca apolisi. Amene sadziwa kuwerenga apite ndi mwana wa sukulu kapena mphunzitsi, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa mboni ziwiri zimene si abale a wogulitsa. Wogulitsa akakwiya ndi mafunso amenewa kapena akati pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, mulekeni wa madzuloyo agule.