Katswiri wabwerera, koma wodwala akumuona?

Dokotala akapita ku South Africa kapena ku Mangalande kukaphunzira ukatswiri wa maopaleshoni kapena matenda a ana, amathako zaka zinayi mwinanso kuposerapo. Ena sabwerako, ndipo n'kovuta kuwadzudzula poti kumeneko malipiro ndi onona.

Nkhani ili pa amene wabwerera kumudzi. Akangofika pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kawirikawiri amamuninkha udindo woyang'anira nthambi yonse. Ulemuwo ndi womuyenera. Komatu mpando umadza ndi misonkhano, malipoti ndi kulimbana ndi bajeti, mpaka manja amene anaphunzira kung'amba odwala amangokhalira kusaina makalata.

Pamenepo mayi amene watumizidwa kuchokera kuchipatala cha Ntcheu, atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, akuuzidwa kuti adzabwerenso mwezi wamawa.

Sukulu ya madokotala idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, koma akatswiri akadali ochepa. Unduna wa zaumoyo uwapatse oyendetsa za muofesi owathandiza, kuti iwo azipezeka muwodi, aziphunzitsa achinyamata komanso kuyendera zipatala za m'maboma.