Funso la mtsikana wa Fomu 4 linandibwezera ku buku

Sabata ino, awerengi, ndiyambe ndi kuulula. Ndaphunzitsa Fizikisi kwa zaka 9 pasukulu ya sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo mutu wa magetsi ndi maginito ndinkautenga ngati wosavuta. Ndinkalowa m'kalasi ndi njinga yanga, n'kuiimika chagada. Ndikapukusa gudumu, dayinamo inkayatsa kababu, ana n'kusangalala. Kenako ndinkalemba pabolodi kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumayenda magetsi. Ana ankakopera, n'kuloweza, ndipo ambiri ankakhoza funsolo pamayeso.

Chaka chatha mtsikana wina wa Fomu 4 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, maginitowo sakukhudza waya. Nanga n'chiyani chikudutsa pampatapo kukauza wayayo kuti maginito asuntha?" Ndinati ndi mphamvu ya maginito. Iye anafunsanso: "Kodi mphamvuyo ndi yomwe imabweretsa mawu m'wailesi?" Ndinayang'ana wotchi, n'kumuuza kuti zimenezo mulibe m'silabasi. Ndinatuluka m'kalasimo ndi manyazi, poti yankho loona linali lakuti sindinkadziwa.

Mnzanga amene tinachita naye dipuloma, iye n'kupitirira kuyunivesite, anandibwereka buku la David Griffiths lotchedwa Introduction to Electrodynamics. Ndinathamangira ku mutu 7, kumene kuli lamulo la Faraday, poganiza kuti ndikangotola yankho n'kubwerako. Ndinapeza masamba odzaza ndi kachizindikiro ka ngodya zitatu kozondoka, kamene sindinakagwiritsepo ntchito m'moyo wanga. Ndinabwerera ku mutu 1. Mutu umenewu ndi masamu okhaokha, ndipo unanditengera miyezi iwiri, usiku uliwonse ndikamaliza kuchonga makope, pansi pa kanyali ka sola.

Poyamba ndinkawerenga monga timawerengera nyuzipepala, kugwedeza mutu n'kutembenuza tsamba. Ndikafika pamafunso amene ali m'kati mwa mutuwo, cholembera chinkaima. Apo ndinazindikira kuti buku lotere limawerengedwa ndi pensulo m'manja, ndipo mzere umene sungathe kuutulutsa wekha papepala sunaumve. Masiku ena funso limodzi linkandidyera madzulo atatu. Ndinkadzilimbitsa ndi mawu a makolo aja, akuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mawu awiri amene anandivutitsa kwambiri, divergence ndi curl, ndinakawamvetsa kudambo. Pakasupe madzi amatuluka n'kumwazikira mbali zonse. Divergence imayeza kutuluka kotereku. Ndipo mukaponya kachitsotso mumtsinje, pamalo ena kamangotsetsereka, pamalo ena kamayenda kakuzungulira. Curl imayeza kuzungulirako. Akatswiri amati malo onse ozungulira maginito kapena chaji ya magetsi ali ndi mphamvu yokhala ndi kukula kwake ndi kolowera kwake, ngati madzi a mumtsinje. Amaitcha field. Nkhani yonse ya bukuli ndi kufunsa kuti field imeneyi ikutumphuka pati, ndipo ikuzungulira pati.

Mayankho ake ndi malamulo anayi okha, otchedwa ndi dzina la James Clerk Maxwell wa ku Scotland. Loyamba likuti field ya magetsi imatumphuka pa chaji monga madzi pakasupe. Lachiwiri likuti field ya maginito ilibe kasupe: dulani maginito pakati, chidutswa chilichonse chidzakhala ndi mbali yake ya kumpoto ndi ya kummwera. Lachitatu ndi la Michael Faraday, amene mu 1831 anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha imabala magetsi. Ili ndi lamulo limene likugwira ntchito m'dayinamo ya njinga yanga, komanso ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene madzi a Shire amapukusa makina. Lachinayi likuti magetsi oyenda m'waya amabala field ya maginito yozungulira wayayo, chinthu chimene Hans Christian Ørsted anayamba kuchiona mu 1820, singano ya kampasi itapotoka pafupi ndi waya. Maxwell anawonjezapo kachidutswa kamodzi: ngakhale popanda waya, field ya magetsi ikamasintha nayonso imabala ya maginito.

Yankho la mtsikana uja linabisala m'kachidutswa kameneka. Ngati kusintha kwa maginito kumabala magetsi, ndipo kusintha kwa magetsi kumabala maginito, ndiye kuti ziwirizi zingathe kumapatsirana n'kuyenda zokha ngati mafunde, popanda waya, ngakhale popanda mpweya. Mu mutu 9 bukulo limakuyendetsani mpaka muwerengetse nokha liwiro la mafundewo, pogwiritsa ntchito manambala awiri amene amayezedwa ndi zipangizo za magetsi ndi maginito. Usiku umene ndinamaliza samuyo ndinapeza makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Limeneli ndi liwiro la kuwala. Maxwell anaona zomwezi m'zaka za m'ma 1860, n'kunena kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito. Heinrich Hertz wa ku Germany anapanga mafunde otere m'chipinda chake choyesera zinthu cha m'ma 1887 ndi 1888, Maxwell atamwalira kale. Wailesi, foni ya m'manja ndi kuwala kwa dzuwa kumene kumachajitsa nyali yanga, zonsezi ndi mtundu umodzi wa mafunde, kusiyana kwake ndi kutalika kwa funde.

Ena anganene kuti mphunzitsi wa dipuloma akudzivutitsa ndi za kuyunivesite pamene silabasi sikumufunsa. Anzanga ena m'chipinda cha aphunzitsi ananenadi zimenezo, ndipo pamalipiro anga sipanawonjezeke ngakhale tambala. Koma amene anatipatsa malamulowa sanali onse a madigiri. Faraday anayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku ku London ali ndi zaka 14, n'kumawerenga mabuku amene ankamata. Oliver Heaviside anasiya sukulu ali ndi zaka 16, anagwira ntchito ya matelegalamu, n'kudziphunzitsa yekha buku la Maxwell la mu 1873 kwa zaka zingapo, ndipo iye ndi mmodzi mwa amene anafupikitsa masamu a Maxwell kukhala mmene timawalembera lero. Kwathu kuno William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga magetsi ndi mphepo atawerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono. Onsewa anali ndi buku pafupi. Sukulu zathu zambiri za kumudzi zili ndi mabuku a silabasi okha, enanso osakwanira, ndipo mphunzitsi wofuna kudziwa kuposa zimene amaphunzitsa alibe pogwira. Oyang'anira maphunziro, pogula mabuku a ana, aganizireko ndi shelefu imodzi ya aphunzitsi.

Kutatsala masabata atatu kuti mayeso a MSCE ayambe, ndinalowanso m'kalasi muja ndi njinga yanga. Ndinauza anawo kuti tsiku lija ndinabisala kuseri kwa silabasi chifukwa sindinkadziwa yankho. Kenako ndinawafotokozera za kasupe ndi kachitsotso, za maginito odulidwa pakati, mpaka pa wailesi. Mtsikana uja anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukwezanso dzanja: "Nanga aphunzitsi, mafunde a m'nyanja ndi madzi amene amagwedezeka. Awa chikugwedezeka n'chiyani?" Ulendo uno sindinayang'ane wotchi. Ndinamuuza kuti funso limenelo linasowetsa tulo akatswiri kwa zaka zambiri, mpaka nthawi ya Albert Einstein, ndipo ili m'mutu 12 wa bukulo, umene ndinali ndisanafike. Panopa ndili pa mutu 10, ndipo mwini buku wayamba kulifunsa.

Tikumanenso sabata ya mawa.