Wa Fomu 4 akatsakamira pakhomo, sukulu imutsatire komweko



Zimachitika kuti wophunzira wa Fomu 4, kutatsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso a MSCE, amalephera kubwera kusukulu. Wina wathyoka mwendo pangozi ya kabaza, wina wangobereka kumene, winanso ndi iye yekha woti adwazike mayi ake. Mwana wotere nthawi zambiri amauzidwa kuti apumule, adzabwereze chaka chamawa. Ife tikuona kuti yankho limeneli timalipereka mofulumira kwambiri.

Kubwereza kalasi kumafuna ndalama za chaka chinanso, zomwe mabanja ambiri alibe. Kwa mtsikana, chaka chokhala pakhomo n'chimene nkhani za ukwati zimayambira. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwereranso kusukulu, koma chilolezocho sichimuthandiza kuwerenga pa miyezi imene ali kunyumba.

Tikupempha kuti mwana wotere dzina lake likhalebe m'kaundula wa sukulu, ndipo aphunzitsi azimutumizira ntchito sabata iliyonse: manotsi, mitu yoti awerenge, ndi mafunso a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo. Iye aziyankha, aphunzitsi azichonga n'kumubwezera. Ntchitoyi izikhala ya papepala. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, manotsi a pa WhatsApp ankangofika kwa ana a m'mabanja okhala ndi foni zamakono ndi ndalama ya bandulo. Malawi College of Distance Education yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo ndi mabuku osindikiza kwa zaka zambiri, ndiye sitikuyamba zachilendo. Malo opatsirana mapepalawo tili nawo kale: Lachisanu tikatuluka mu Jumu'ah, kholo likhoza kusiya ntchito ya sabata yatha n'kutenga yatsopano.

Pali zina zosatheka pakhomo. Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture zili ndi mayeso a mapulakitiko, ndipo mwana sangaphunzire kusakaniza makemiko m'khitchini mwa mayi ake. Ngati thanzi lake likulola, azibwera ku labotale tsiku limodzi pa sabata. Chingerezi nachonso chimafuna munthu wochonga zimene walemba, chifukwa wolephera phunziro limeneli satifiketi sailandira ngakhale ena onse atakhoza bwino. Mwina pangafunike kuti mwanayo, makolo ndi aphunzitsi agwirizane zoika mphamvu pa maphunziro 6, poti ofuna kupita ku yunivesite amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Makolo, apa ndiye pagona nkhani. Mwana akakhala pakhomo, aliyense amamuona ngati alibe chochita. Katunge madzi, kagaye chimanga, khala pa okala ndikubwera, tayang'anira mwanayu. Ntchito iliyonse imaoneka yaing'ono, koma dzuwa limalowa buku asanalitsegule, ndipo amene zimamugwera kwambiri ndi mtsikana. Sitikunena kuti asagwire ntchito iliyonse ayi. Tikunena kuti pakhale maola odziwika, mwina kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko masana, amene banja lonse likudziwa kuti mwanayu ali m'kalasi ndipo satumidwa. Simufunika kudziwa masamu kuti muchite zimenezi. Agogo amene sanapiteko kusukulu akhoza kulondera maola amenewa bwino kuposa wina aliyense.

Tikudziwa kuti aphunzitsi ali kale ndi makalasi odzaza, ndipo kuchonga ntchito yoonjezera ndi katundu. Palinso nkhawa yoti ana aulesi apezerapo danga lojomba. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, choncho mwayiwu uziperekedwa ndi mphunzitsi wamkulu yekha, pakakhala kalata ya kuchipatala kapena umboni wa komiti kuti vuto lilipodi, ndipo uzionedwanso teremu ikatha. Mwana akatha masabata awiri osabweza ntchito, makolo aziitanidwa.

A komiti ya mzikiti tikuwapempha zinthu ziwiri pa msonkhano wawo ukubwerawu: ndalama yochepa yojambulira mapepala ndi yolipirira kabaza wa tsiku la labotale, komanso chipinda cha madrasa nthawi ya m'mawa chikakhala chopanda ana, kuti wophunzira amene kwawo kuli phokoso aziwerengeramo.