Njobvu Zili ndi Alembi Awo, Nanga Ife?

Papita zaka tsopano chiyambire ambiri a ife kuno ku Mambwe kulemba za tsiku ndi tsiku pa Facebook. Poyamba tinkati ndi masewera a ana. Koma tikabwerera m'mbuyo ndi kuwerenga zomwe tinalemba, tipeza kuti mosadziwa takhala tikusunga kaundula wa moyo wathu: ubatizo wa mwana, mtengo wa thonje, kusefukira kwa Lupande, maliro a agogo. Pakati pa zonsezi pali mawu ochuluka okamba za mafilimu amene tinaonera.

Akuluakulu akumbukira galimoto ya Zambia Information Services imene inkafika ndi kanema, anthu n'kukhala pabwalo mpaka usiku. Kenaka kunabwera tinyumba ta vidiyo pamisika, modzaza mafilimu a nkhonya ndi a ku Nigeria. Lero filimu yonse ikwana m'foni ya m'manja. Chimene sichinasinthe ndi chakuti filimu ikatha, anthu sasowa chonena, ndipo chimene anena chimaulula zakukhosi kwawo.

Taonani zitsanzo ziwiri. M'chaka cha 2017 Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka, anatulutsa I Am Not a Witch, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo mu 2018 inalandira mphotho ya BAFTA ku London. Woionera ndi maso a m'chigwa muno sangalephere kuganiza za nkhalamba zimene timaloza chala mwana akadwala. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anapanga makina a mphepo pa nthawi ya njala. Mbali yaikulu ya filimuyi ili m'chilankhulo chathu. Pamene chilala cha 2024 chinapsereza minda, boma n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, nkhani ija inaleka kukhala ya anzathu a ku Malawi okha.

Tsono pali filimu ina imene iyenera kutigwedeza. Mu 2025 a BBC anaonetsa Kingdom, yojambulidwa kwa zaka 5 kwathu konkuno, ku Nsefu, mawu ake akuwerengedwa ndi David Attenborough. Dziko lonse linadziwa nyalugwe wotchedwa Olimba ndi ana ake. Sitikudandaula ayi, pakuti alendo obwera ku Mfuwe amadyetsa mabanja ambiri. Kale lomwe Norman Carr, amene anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo mu 1950, analemba mabuku a nyama za m'chigwa chino. Zinyama zili ndi alembi awo. Nanga mayi wogona ku dindiro kulondera chimanga kuti njobvu zisamalize, mbiri yake adzalemba ndani? Nanga Chikunda chimene agogo alankhula kwa Mnkhanya, kwa Kakumbi ndi kwa Jumbe, chidzatsala m'buku liti?

Apa mpamene timalemba tating'ono ta pa foni tisanduka chuma. Papa Yohane XXIII anayamba kulemba za mumtima mwake ali mnyamata wa ku seminale ndipo sanaleke mpaka ukalamba. Atamwalira mu 1963 zolembazo zinakhala buku lowerengedwa m'mayiko ambiri. Sanalembe zodabwitsa, koma zoona, ndiponso mosalekeza.

Komabe chuma chathuchi chili pa ngozi ziwiri. Yoyamba: foni imatayika, nambala imasintha, mawu achinsinsi amaiwalika, ndipo zaka khumi zimapita ngati utsi. Yachiwiri: mawu olembedwa mwaukali saola. Mkangano wa malire a munda umatha kwa anyakwawa, koma chipongwe cholembedwa pa intaneti adzachipeza adzukulu.

Nchifukwa chake tikupempha banja lililonse kuti ligule kope limodzi. Pakutha kwa mwezi, mwana wa sukulu akoperemo zofunika za m'foni, ndi masiku ake. Mukaonera filimu pamodzi, musathamangire kugona: funsani agogo ngati zotere zinachitikapo m'mudzi, ndipo yankho lawo lilembedwe m'mawu awo omwe. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma sagonera ngati palibe wowasunga.